Nyerere zalowa m'thanki ya nkhanu, chonde chitinicho chisiyeni

Imelo iyi sindinafune kuyankha kumbali, yandikhudza kwambiri ndiye ndiyankha pompano kuti ena amve nawo. Achemwali ena andilembera kuti amaweta ma hermit crab, tinkhanu tija tokhala m'zigoba za nkhono, adzuka m'mawa apeza nyerere zili ndondondo pagalasi la thanki, bokosi lomwe amazisungiramo, mpaka m'mbale ya chakudya, imodzi mwa nkhanu zawo inadzikwirira mumchenga kalekale sinatulukebe, ndiye funso lawo ndi loti apopere mankhwala anji omwe angaphe nyerere osavulaza nkhanu.

Palibe achemwali. Mankhwala otero kulibe, ndipo amene angakuuzeni kuti alipo sanawetepo nkhanu.

Ine zinandionekerapo ndiye ndikudziwa mmene mtima umathamangira. Ndili ndi nkhanu yaikulu yamtundu wa Coenobita clypeatus, zija za ku Caribbean za chikhadabo chachikulu chofiirira, ndipo nthawi imeneyo inali pansi pa mchenga kufundula khungu. Usiku wina ndikukathira madzi ndangoona timadontho tikuyenda m'mphepete mwa chivindikiro, tinyerere tating'onoting'ono toti ukayang'ana mothamanga ungati ndi fumbi. Ndisanaganize n'komwe chochita, m'bale wanga yemwe ndimakhala naye watulukira kale ndi chitini cha mankhwala opopera akuchikhutchumula, akuti aaa izi n'zazing'ono tingofayira kamodzi basi zitheretu. Ndinamulanda chitinicho m'manja, tinakangana ndithu usiku umenewo, iye akuti ndikukokomeza, akuti sapopera m'kati angopopera kunja kwa galasi ndi pakhoma, ine ndikuti ngakhale pakhomo pa chipindacho usayerekeze. Mpaka lero amandiseka kuti ndimakonda nkhanu kuposa abale anga. Kaya, mwina.

Chomwe iye sankamva, komanso anthu ambiri samva, ndi choti nyerere ndi nkhanu ndi pachibale. Zonse zili m'gulu la ma arthropod, zamoyo za khungu lolimba kunja ndi miyendo yolumikiza mfundomfundo. Mankhwala ambiri a m'zitini zopopera ndi a gulu la pyrethroid, monga permethrin kapena cypermethrin, amagwira mitsempha ya kachilombo mpaka kuuma, ndipo mitsempha ya nkhanu amaigwira chimodzimodzi, sasankha kuti iyi ndi yoweta. Tembenuzani chitini muwerenge timalemba tating'ono takumbuyo, nthawi zambiri amachenjeza kuti musapopere pafupi ndi nsomba kapena zamoyo za m'madzi. Komanso nkhanu izi ngakhale zimakhala kumtunda zilibe mapapo ngati athu, zimapumira ziwalo zonga za nsomba zomwe zimayenera kukhala zonyowa nthawi zonse, n'chifukwa chake m'thanki timasunga chinyontho cha 70 mpaka 80 peresenti n'kutseka pamwamba. Ndiye tangoganizani mpweya wa mankhwala walowa m'bokosi lotseka, lofunda, lonyowa, wakhazikika pamadzi akumwa, pamchenga, pa moss, tomera tofewa tosunga chinyontho, utuluka liti? Sizifa tsiku lomwelo zonse ayi, ina imangoyamba kufooka, kutaya miyendo, kutuluka m'chigoba n'kumangokhala pamtunda yamaliseche, mwiniwake n'kumadabwa kuti chachitika n'chani poti anapopera sabata yatha.

Usiku umenewo ndinatenga tochi n'kuyamba kulondola mzere. Nyerere siziyenda chisawawa, imodzi ikapeza chakudya imabwerera kwawo ikusiya fungo panjira, anzake n'kumatsata fungolo, akamachuluka fungo limakulanso, ndiye mzere uja ndi msewu weniweni wokhala ndi poyambira. Wanga unachokera pa kamng'alu ka pansi pa soketi, kukwera chingwe cha hita, kudutsa pomwe chingwecho chimagunda chivindikiro, kutsika m'kati pakona, n'kukalowa pansi pa chikuni chomwe nkhanu zimakwerapo. Nditanyamula chikunicho ndinapeza kachidutswa ka chipatso kakuda bii kofewa, nyerere zili mbuu. M'mbale ndinali nditachotsamo zonse m'mawa, koma nkhanu zili ndi khalidwe lokoka chakudya kukabisa, zimakokera pansi pa mitengo, m'zigoba zopanda kanthu, pena kukwirira kumene. Ndiye ukhoza kukhala waukhondo chotani koma m'thanki muli nkhokwe yomwe iwe sukuidziwa.

Chimene chinandisowetsa tulo si chipatsocho ayi, ndi ija inali pansi. Amene simunaonepo nkhanu yongofundula kumene simungamvetse. Imakumba mpaka pansi, kupanga kaphanga kake, mumdima, n'kuvula khungu lonse, miyendo, zikhadabo, tinyanga, mpaka timaso tomwe, ikatuluka m'menemo imakhala yofewa ngati dzira lowiritsa losenda, yosatha kuyenda bwino, yosatha kutsina. Kenako imadya khungu lake lakale lija kuti ipezemo kashiyamu wolimbitsira latsopano. Yaing'ono imatha masabata angapo, yaikulu miyezi, ndipo nthawi yonseyi ife pamwamba sitiona kanthu, timangoona mchenga. Nyerere zikaipeza ili choncho zimaidya yamoyo, ilibe kothawira. Koma ukaifukula iwe mwini utha kugumula phangalo, kuithyola mwendo, kapena kungoidzidzimutsa n'kufa. Ndiye umakhala pakati, kukumba n'koopsa kusiya n'koopsanso. Ndinakhala pansi ndi tochi nthawi yaitali ndikungoyang'ana ngati pali nyerere ngakhale imodzi yolowa mumchenga kapena kutulukamo. Zonse zinkathera pa chikuni n'kubwerera. Sindinakumbe. Inatuluka yokha patapita nthawi, miyendo ili ndi timinga takuthwa takuda kunsonga ndi tiubweya tatsopano, n'kupita molunjika pa mbale ya madzi amchere.

Ndipo pano ndinene zomwe zimandipweteka, ngakhale simunandifunse. Nkhanuzi zimagulitsidwa ngati zidole. Kabokosi ka pulasitiki, timiyala tamitundumitundu pansi, kasiponji konyowa, chigoba chopaka penti yowala, akuti mugulire mwana sizivuta kusamala. Zikafa pakatha miyezi ingapo anthu amati ndi mmene zimakhalira. Bodza. Nkhanu imeneyi ikasamalidwa imapitirira zaka 20, zina zimafika 30. Ndipo pafupifupi zonse zomwe zili pamsika zinachita kutoledwa m'mphepete mwa nyanja zamchere, chifukwa ana ake amaswedwera m'nyanja n'kumayandama momwemo asanatulukire kumtunda, kuziswetsa pakhomo n'kovuta zedi, ndi anthu ochepa kwambiri anakwanitsa. Ndiye kanyama kachoka kutali, kapirira ulendo wonsewo, kenako kafe ndi mankhwala a nyerere m'chipinda chogona? Ayi ine zimenezo sindivomera. Ndipo anthu omwewo ogulitsa m'timabokosi ndi omwe amayankha mopepuka kuti ingopoperani pang'ono. M'kabokosi kawo kouma kaja nyerere sizikhalitsamo n'komwe, mulibe choti zifune. Zimakonda thanki ngati yanuyo achemwali, yofunda madigiri 24 mpaka 29, ya madzi mbale ziwiri, akumwa ndi amchere, ya mchenga wakuya wonyowa. Nthawi youma zimabwerera madzi okhawo ngakhale mulibe chakudya. Ndiye musadziimbe mlandu kuti ndinu auve.

Enanso amene ndatopa nawo ndi a mankhwala achilengedwe. Ukangofunsa pa intaneti amabwera gulu, wina akuti wazani sinamoni, wina mafuta a peppermint, wina tea tree, wina akuti diatomaceous earth ndi dothi chabe silivulaza. Dothi limenelo limapha tizilombo pokanda khungu lakunja n'kutiumitsa, ndiye mukufuna mulithire momwe mukukhala chamoyo cha khungu lakunja chomwe moyo wake wonse ndi chinyontho? Komanso likanyowa siligwira ntchito, ndiye m'thanki mungoika chiopsezo popanda phindu. Mafuta onunkhira aja anthu amathamangitsira tizilombo chifukwa amatipweteka, ndipo nkhanu imadalira kununkhiza pofuna chakudya ndi madzi. Kunena kuti chinthu n'chachilengedwe sikutanthauza kanthu, fodya ndi wachilengedwe koma amapha tizilombo bwinobwino. M'thanki musalowe chilichonse chopangidwira kupha kapena kuthamangitsa kachilombo, ndatha ine pamenepo.

Kupopera kuja ngakhale kwa nyerere zenizenizo sikuthandiza kwenikweni. Zomwe mukuziona pamzere ndi antchito chabe, manthu ali phee kuchisa akuikira mazira. Mitundu ina ya m'nyumba monga Monomorium pharaonis, tating'ono tachikasu tija, ili ndi amanthu ambiri m'chisa chimodzi, ukaipopera chisa chimagawikana, mawa uli ndi zisa zitatu m'malo mwa chimodzi. Komanso yang'anitsitsani kuti ndi nyereredi, muthanki yonyowa mumakhala tizilombo toyera todumpha totchedwa springtail, timeneto n'tabwino timadya nkhungu ndi zotsalira, tisiyeni.

Ndiye mutani

Choyamba dziwani ngati zikungodutsa kapena zamanga momwemo. Londolani mzere ndi tochi. Ngati ukuchokera kunja n'kubwerera kunja, mchenga musaukhudze. Chotsani mbale ya chakudya, nyamulani mitengo ndi zobisalamo mufufuze zobisidwa, nyerere za m'kati muzitole ndi kansalu konyowa ndi madzi okha kapena tepi yomata. Kunja kwa galasi, sitandi, khoma ndi pansi pukutani ndi viniga wosakaniza madzi kuti fungo la msewu lifafanizike, chivindikiro chili chotseka. Thanki isunthidwe isagunde khoma kapena katani, koma ngati nkhanu ina ili pansi sunthani pang'onopang'ono kwambiri phanga lingagumuke. Miyendo ya sitandi ikani m'timbale ta madzi muli kadontho ka sopo, pakani vaselini mozungulira galasi chakunja ndi pazingwe zonse chifukwa chingwe ndi mlatho, ndipo muzipakanso fumbi likakhalapo. Mukatseka njira zonse ndi pomwe muike nyambo ya borax kapena zogula zotsekeka zija, kutali ndi thanki pafupi ndi pomwe zikutulukira, posafika ana ndi ziweto. Dongosolo lake ndi lomwelo, kutchinga kaye nyambo pambuyo, apo ayi nyerere yodya poizoni ikafera m'thanki nkhanu n'kuitola, paja zimadya chilichonse. Nyambo imachedwa dala kuti antchito akafike nayo kwa manthu, ndiye masiku oyamba zizioneka ngati zachuluka, musaziphe pamenepo. Chakudya chachiwisi muziika madzulo n'kuchotsa m'mawa.

Koma mukaona nyerere zikulowa ndi kutuluka mumchenga, kapena zanyamula tinthu toyera pakamwa, amenewo ndi ana awo, zasamukira momwemo ndipo apa lamulo loti wofundula safukulidwa limathyoledwa. Nkhanu za pamtunda muziike kaye m'kontena ina yofunda ya chinyontho, muyang'ane m'zigoba zawo ngati mulibe nyerere. Kenako kumbani ndi manja okha kuyambira pakona, pang'onopang'ono. Mukaipeza yofundulayo itengeni ndi supuni yaikulu pamodzi ndi mchenga wapansi pake ndi khungu lake lakale, musalitaye, muiike payokha mumdima pa kadzenje, muivindikire ndi kachikho kapena chigoba cha kokonati osaikwiriranso, osaisambitsa, osaiphatikiza ndi zinzake chifukwa zikamva fungo lake zimaidya. Mchenga wonse utayidwe kutali, thanki itsukidwe ndi madzi otentha popanda sopo, galasi lozizira musalithire owira lingasweke. Watsopano ndi magawo 5 a mchenga gawo 1 la ulusi wa kokonati, wonyowa moti mukaufumbata ugwirane osadontha, kuya kwake masentimita 15 kapena kupitirira, katatu msinkhu wa nkhanu yanu yaikulu. Moss tayani, mitengo ya mabowo ndi yomwe amanthu amakonda kubisalamo ndiye iwiritseni kapena itayeninso. Zigoba zosinthira wiritsani m'madzi ochotsedwa klorini, koma chilichonse muyambe mwachiunika ndi tochi ndipo muwerenge nkhanu zanu zikwane kaye, yaing'ono imatha kudzikokera m'kati mwenimweni chigoba n'kuoneka ngati mulibe kanthu.