Foni yanga yasanduka dzala: yankho kwa mayi wa ku Zolozolo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu, mphunzitsi wopuma pantchito. Anandilola kuti ndiwayankhire poyera bola ndisawatchule dzina. Analemba motere:

"Achimwene, zandikwana. Foni yanga ikungolira usana ndi usiku ndi mauthenga omwe sindinawapemphe: a kubetcha mpira, a ngongole zachangu, a nyimbo zoti anthu azimva akandiimbira, ena akuti ndawina. Mwezi watha mng'ono wanga wa ku Karonga anatumiza ndalama yoti ndikapepesere maliro, koma uthenga sunalowe chifukwa kafoni kanga ka mabatani kanali katadzaza, mpaka tinayambana. Ku imelo nakonso n'chimodzimodzi. M'bokosi la ku positi ofesi ndimapezamo mapepala a anthu osawadziwa. Nambala yanga anaitenga kuti anthu amenewa? Nditani kuti zimenezi zithe?"

Amayi, pepani ndi maliro, pepaninso ndi mkanganowo. Ndiyambe ndi chokutonthozani: ndalama ikatumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba imalowa ndithu, kaya uthenga wafika kaya sunafike. Tsiku lina zikadzateronso, musadikire kuti foni ilire. Imbani *211# ngati muli pa Airtel, kapena *444# ngati muli pa TNM, muone ndalama zomwe zilimo.

Tsopano funso lanu loyamba, loti nambala anaitenga kuti. Ndikufotokozereni zomwe ndinaona ndi maso anga.

Tsiku lina m'mwezi wa June, kuzizira kwa ku Mzuzu kuja kolowa mpaka m'mafupa, ndinagula zitumbuwa pafupi ndi depoti. Mayi wogulitsayo anandikulungira m'pepala loyera, lojambulidwa mizeremizere. Nditatha kudya ndinati ndipukute manja, ndipo maso anagwera pa zolembazo. Linali pepala lolembapo mayina a anthu obwera ku msonkhano winawake: dzina, kumene munthu amagwira ntchito, nambala ya foni, imelo, ndi siginecha kumapeto. Anthu oposa makumi awiri, onse ali m'manja mwanga, mafuta a zitumbuwa atanyowetsa theka la mayinawo. Palibe amene anaba pepala limenelo. Msonkhano unatha, alawansi analandira, ndipo wina muofesi anasesa mapepala akale n'kukagulitsa kwa okulungira malonda.

Taganizani malo onse amene mwalembapo nambala yanu chaka chino chokha. M'kaundula wa ejenti potapa ndalama, buku lokhala poyera pomwe aliyense wobwera pambuyo panu amawerenga uku akudikira. M'buku la mlonda pageti. Kumbuyo kwa lisiti, muja amati lembani dzina ndi nambala muponye m'bokosi mwina muwina njinga. M'kaundula wa maliro, wa chinkhoswe, wa banki m'khonde. Pa gulu la WhatsApp la anthu mazana ambiri, kumene membala aliyense amaona nambala za anzake onse. Akuluakulu ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Masiku ano chotitsata ndi nambala.

Ineyo ya kumbuyo kwa lisiti ija inandigwira. Ndinalemba pa sitolo ina m'tauni muno zaka zitatu zapitazo. Njinga sindinaione, koma mpaka lero amandiuza mtengo wa sopo Lachisanu lililonse.

Komabe si nthawi zonse pamene wina amachita kupeza nambala yanu. Nambala zathu zili ndi manambala 10, ndipo zambiri zimayamba ndi 099 kapena 088. Munthu wokhala ndi kompyuta, kapenanso wa foni chabe wogula bandulo ya mauthenga, amangosintha manambala akumapeto n'kumatumiza motsatana. Sakudziwani, sadziwa ngati ndinu mayi kapena bambo, ngati muli ku Chibavi kapena ku Nsanje. Akungoponya khoka m'madzi. Uthenga umodzi umamudyera ndalama yochepa kwambiri moti ngakhale atakodwa munthu mmodzi yekha tsiku lonse, iye wapindula.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, amayi. Mauthenga amenewa amaoneka ofanana akamalowa, koma eni ake ndi anthu awiri osiyana, ndipo mankhwala a mmodzi ndi poizoni kwa winayo. Pali wamalonda, amene ali ndi dzina ndi ofesi. Ameneyo mumamuuza kuti asiye. Ndiye pali wakuba. Ameneyo simumuuza kanthu, ngakhale liwu limodzi.

Wakubayo ndiyambe naye chifukwa ndi amene amaliza anthu. Mumamudziwa ndi nambala: uthenga wake nthawi zambiri umachokera pa nambala wamba ngati yanu ndi yanga, pomwe uthenga weniweni wa ndalama umabwera ndi dzina la kampani pamwamba. Mawu ake timawadziwa tonse. "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yavuta." Amawerengera kuti mwa anthu onse amene awatumizira, wina alidi pa mzere kwa ejenti kuti atumize lendi kapena fizi. "Mwana wanu wakomoka kusukulu, tumizani ya thiransipoti." "Mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo, imbani nambala iyi." Palinso uja wotumiza uthenga wofanana ndendende ndi wolandirira ndalama, kenako n'kuimba akulira kuti watumiza molakwika, ndi ya mankhwala a mwana, chonde mumubwezere. Mukabweza osayang'ana kaye mu akaunti, mwapereka yanu.

Anthu ambiri amandiuza monyadira kuti "ndinamutukwana mpaka anadula yekha." Ndikumvetsa, mtima umaphwa. Koma mwamuuza zinthu zitatu zaulere: kuti nambalayi ndi yamoyo, kuti mwini wake amawerenga mauthenga, ndi kuti ndi mayi wachikulire wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Mawa aimba mnzake ndi nkhani yokukwanani bwino, mwina akupatsani moni wa "monire amama." Choncho osayankha, osaimba, osadina chilichonse. Nambala yachinsinsi ya akaunti yanu musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku likulu la kampani ndipo akufuna kukutetezani. Wogwira ntchito weniweni safunsa nambala imeneyo.

Kafoni ka mabatani musakaderere. Mafoni ambiri a Itel ndi Tecno ali ndi malo otchedwa Blacklist. Mukaikamo nambala, siikusokonezaninso. Mdzukulu angakuonetseni pa mphindi ziwiri. Zoona, wakuba amasintha nambala ngati malaya, ndiye kutseka sikuthetsa zonse. N'chifukwa chake ndimati musanafufute uthengawo, lembani nambalayo ndi tsiku m'kope, mukapita m'tauni mukaisiye ku ofesi ya kampani ya foni. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, kotero nambala ili ndi dzina kumbuyo kwake. Akuba ena amalembetsa ndi ziphaso za eni, zotola kapena zobwereka, komabe kampani imatha kutseka nambala yodandaulidwa. Ngati ndalama yapita kale, imbirani kampani nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche, kenako kupolisi. Ku kampani ya foni komweko pemphani kuti akuonereni nambala zonse zolembetsedwa pa chiphaso chanu, mwina pali ina imene simukuidziwa.

Wamalonda ndi wotopetsa koma ndi wosavuta. Mauthenga a nyimbo, a nkhani za mpira, a malangizo a chikondi ndi ena otere kawirikawiri amakhala kuti munalowetsedwa mu chinachake chimene chimadya mayunitsi pang'onopang'ono. Mwina kunatulukira kauthenga pa sikirini, inu pofuna kukachotsa n'kudina OK. Ngati mayunitsi anu amatha musanaimbe, chifukwa chake n'chimenecho. Tengani chiphaso, pitani ku ofesi ya kampaniyo, munene mawu awa: "Mundichotse pa zonse zomwe ndinalembetsedwa, ndipo mauthenga otsatsa malonda sindikuwafuna." Musachoke asanakuonetseni kuti zachotsedwa, ndipo funsani nambala ya dandaulo lanu muilembe. Zikapitirira, nambala imeneyo ndi imene mupite nayo ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi mapositi m'dziko muno. Amayamba afunsa ngati munadandaula kaye ku kampani, n'chifukwa chake kapepalako n'kofunika. Za kudyeredwa ndalama pa chinthu chimene simunavomere, bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalonso limamva madandaulo a ogula.

Malamulo alipo, ngakhale ambiri sitiwagwiritsa ntchito. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kutumizira anthu mauthenga osapemphedwa pofuna kuchita malonda osaloledwa kapena zachinyengo ndi mlandu. Mu 2024 kunabweranso Data Protection Act, loteteza mbiri za anthu monga dzina ndi nambala, ndipo woyang'anira ndi MACRA yomweyo. Mzimu wa lamuloli ndi woti wotenga nambala yanu akhale ndi chifukwa chomveka, aigwiritse ntchito pa chifukwa chomwecho, ndipo aisunge bwino. Pepala langa la zitumbuwa lija, ofesi imene inalitaya inalakwira anthu onse aja. Ine ndimaona kuti lamulo lotere limayamba kuluma pokhapokha anthu wamba akayamba kufunsa pa kauntala kuti, "Nambala yangayi mukufuna mukatani nayo?" Yesani, muone mmene amadodomera.

Za imelo ndidutsa mwachangu chifukwa mfundo ndi yomweyo. Ngati uthenga ukuchokera ku sitolo, sukulu kapena bungwe lomwe mukulidziwa, dinani Unsubscribe, kutanthauza kuti asiye kukutumizirani. Kuyambira 2024, Gmail ndi Yahoo zimakakamiza otumiza makalata ochuluka, oposa 5,000 pa tsiku kwa Gmail, kuti aziika njira yotulukira yongodina kamodzi. Koma ngati ndi uja wa mkazi wamasiye wa nduna wofuna kukusungitsani mamiliyoni, amene anthu amawatcha a 419 potengera gawo la malamulo a ku Nigeria lokhudza chinyengo, musadine kalikonse m'kati mwake, ngakhale Unsubscribe yawoyo. Dinani Report spam basi. Mukatero mukuphunzitsa makinawo kuti ena otere aziwaponya okha kudzala, ndipo Gmail imawafufuta pakatha masiku 30. Muzisuzumirako kamodzi pa sabata, chifukwa nthawi zina kalata ya penshoni kapena ya mwana wa ku Johannesburg imasocherera komweko. Ine ndili ndi imelo ziwiri: ina ya banja ndi banki, ina yolemba pa mafomu. Yachiwiriyo ndi nkhuti yeniyeni, ndipo sizindikhudza.

Vutoli, mwa njira, ndi lakale kuposa mafoni athu. Uthenga woyamba wotere wodziwika unatumizidwa mu 1978 ku America ndi Gary Thuerk, wotsatsa makompyuta, kwa anthu pafupifupi 400, ndipo olandirawo anakwiya ngati mmene mwakwiyira inumu.

Bokosi la ku positi ndiye nkhani yaing'ono. Kuno makalata satibweretsera pakhomo ngati maiko ena, choncho mapepala otsatsa malonda ambiri timawalandira pamanja m'tauni kapena kuwaona atamatidwa pa mapolo a magetsi, a asing'anga obweza mwamuna wothawa ndi a katapila wovala tayi. Makalata a anthu osawadziwa m'bokosi mwanu ayenera kuti ndi a amene ankalipira bokosilo inu musanalitenge. Musawatsegule ndipo musawataye. Lembani pa envelopu kuti Return to sender, kutanthauza kuti abwerere kwa wotumiza, muwapereke pa kauntala. Wotumizayo akalandira kawiri katatu amafufuta adiresiyo. Mapepala anu a ku banki, a madzi, a chipatala, chilichonse chokhala ndi dzina ndi nambala, chimenecho ndi cha pa mbaula, osati chopatsa mdzukulu akakulungire mandasi.

Mwafunsa kuti zithe bwanji. Kutheratu sizitha, ndisakunamizeni. Kusintha nambala sindikulangizani: achibale onse, mpingo, a penshoni ndi ana amene munawaphunzitsa amadziwa imeneyi, ndipo nambala yatsopano imene mungagule mwina inali ya munthu wina kale, ibwera ndi angongole ake. Chimene ndinachita ine, popeza mafoni ambiri amalowa masimu awiri, ndi kugula simu yachiwiri yolemba m'mabuku a pageti ndi pa mipikisano. Yakale ija ndinaisiyira anthu odziwa dzina la mayi anga. Ngati muli ndi WhatsApp pa foni ya mwana wanu, auzeni alowe ku Privacy, pa Groups asankhe My contacts, kuti mlendo asamangokuponyani m'magulu a mapemphero ogulitsa mafuta odzozera.

Ndipo kafoni kanuko kali ndi malo ochepa osungira mauthenga, ndiye kakadzaza atsopano amaima panja. Sankhani tsiku limodzi, kaya Loweruka madzulo mukudikira kuti nyemba zipse, muzifufuta zonse zopanda ntchito. Mauthenga a ndalama okha ndi amene muzisunga, kapena kukopera nambala zake m'kope musanafufute. Mng'ono wanu wa ku Karonga muuzeni kuti akatumiza ndalama aziimbanso, ngakhale kungoflasha kawiri, inu muzidziwa kuti ndi iyeyo.