Za nthochi pakhomo kuno ku Leeds

Achemwali, mwati mwagula nyumba ku Leeds, kumpoto kwa England, ndipo mukufuna kuti kutsogolo kwake kuzioneka ngati kwanu ku Mulanje, nthochi ndi masamba akuluakulu. Za kapinga ndi magetsi mwafunsazo akuyankhani ena. Ine ndinena za nthochi, poti inandidyera ndalama.

Chonde musagule nthochi ya masamba ofiira ija, yolembedwa Ensete 'Maurelii', n'kuisiya panja nthawi yozizira. Ndinagula imodzi mu 2022, mapaundi 40 kapena kuposerapo. Inakula mpaka kufika pawindo, anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumaijambula, ine mtima uli m'mwamba. Pofika Novembala ndinaikulunga ndi pulasitiki, ndikumati ndaiveka jekete. Mukukumbukira chisanu cha Disembala chaka chimenecho, madzi ataundana masiku angapo otsatizana. Nditaivundukula mu Malichi ndinapeza phala lakuda lonunkha ngati kabichi wowola, chala chikungolowa pathunthu. Pulasitiki imatsekera chinyontho mkati, ndiye mtima wa nthochi umawola. Yofiirayo imafuna kuizula chisanu chisanayambe, kuidula masamba, kuiimika chadodolido masiku angapo kuti madzi atsike, kenako kuisunga m'garaja. Ngati mulibe garaja, ingoiwalani.

Imene imapirira kuno ndi Musa basjoo. Yaing'ono mupeza pa mapaundi 15 kapena 25. Thunthu lake likhoza kufa ndi chisanu, koma mizu ikakhala yofundikidwa ndi masamba ouma ambiri imaphukanso. Mukafuna kuti thunthulo lipulumuke, lizungulizeni waya wa khola la nkhuku, mudzaze udzu wouma mkati, pamwamba muvundikire kuti mvula isalowe. Zakudya musayembekezere, ikabereka zimakhala tinthochi tanthangala tosadyeka. Komanso kutsogolo kwa nyumba kumawomba mphepo, masamba amang'ambika ngati sanza, choncho ibzaleni pafupi ndi khoma.

Chimene chimapha mbewu zambiri kuno si kuzizira kokha, ndi madzi. Dothi la kwanga kuno ndi lamakande, limasunga madzi kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kumbani dzenje, muthiremo ndowa ya madzi. Mukawapeza mawa lake akadali momwemo, kwezani bedi lanu ndi manyowa ndi timiyala musanabzale kalikonse.

Pambali pa nthochi ikani kanjedza wotchedwa Trachycarpus fortunei. Ameneyo chisanu cha 2022 sichinamusunthe, pamene ma Cordyline ambiri, mitengo yooneka ngati kanjedza, mumsewu wathu anauma mitu. Amakula pang'onopang'ono, ndiye wamkuluko ndi wodula, mwina mapaundi 80 kupita m'mwamba. Pamthunzi bzalani Fatsia japonica, masamba ake amafanana ndi a nsatsi ndipo sagwa chaka chonse. Maluwa a canna aja amene kumudzi amangodzimerera kuseri kwa bafa, kuno mumachita kugula, n'kumafukula mizu yake chaka chilichonse chisanu chikapsereza masamba. Nkhono zimawakondanso koopsa akamaphuka.

Ena okuyankhani amene akuti mubzale mapapaya ndi maluwa a bougainvillea panja, kaya akulemba ali ku Leeds kapena ku Salima. Ndipo nsungwi zimene wina wakuuzani kuti mubzale muwerenge kaye dzina. Za mtundu wa Phyllostachys mizu yake imayenda pansi n'kukatulukira kwa neba, mudzakangana ndi anthu. Fargesia ndiyo imakhala malo amodzi.

Musathamangire kutulutsa mbewu dzuwa likawala mu Epulo. Kuno kumpoto chisanu chimabwerera ngakhale pakati pa Meyi, ine ndimadikira kumapeto kwake. Nthawi imeneyo ndimaponyanso nthangala ziwiri zitatu za maungu pansi pa nthochi. Masamba ake amadzaza malo onse opanda kanthu, aneba amaona ngati maluwa, ine ndikuthyola nkhwani mpaka Seputembala.