Kukwera limodzi sikutanthauza kuti china chikuyambitsa chinzake

Achimwene, mwafunsa ngati mungalembe mu lipoti lanu kuti maphunziro owonjezera ndi amene akukhozetsa ana mayeso, poti mwapeza correlation (nambala yoyeza mgwirizano wa zinthu ziwiri) ya 0.7 pakati pa maola a maphunzirowo ndi malikisi. Musalembe choncho. Nambala imeneyi, yotchedwa correlation ya Pearson, imayambira pa -1 kukafika pa +1, ndipo 0.7 ndi yaikulu ndithu, koma ikungonena kuti zinthu ziwirizi zimakwera ndi kutsika limodzi. Kuti chikukoka chinzake ndi chiti, nambalayo ili chete.

Taganizirani za ana amene makolo awo amatha kulipira maphunziro owonjezera. Kawirikawiri ndi omwewonso ali ndi mabuku kunyumba, nyali yowerengera usiku, ndiponso sapita m'kalasi ndi njala. Mwina ndalama za makolo ndi zimene zikukweza zonse ziwiri, maola ndi malikisi omwe. Chinthu chachitatu chobisalachi akatswiri amachitcha confounder. Mwinanso nkhani ili chozondoka: mwana wokhoza kale amaikonda sukulu, ndiye amapempha yekha maola ambiri.

Msampha umenewu wakolapo ngakhale madokotala. Kwa zaka zambiri kafukufuku ankasonyeza kuti amayi osiya kusamba amene ankamwa mankhwala a mahomoni sankadwala mtima kwambiri, ndipo ambiri anakhulupirira kuti mankhwalawo amateteza. Kenako kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America anagawa amayi oposa 16,000 mwa maere, ena kulandira mankhwala enieni, ena mapiritsi opanda kanthu. Mu 2002 anauimitsa nthawi isanakwane: chitetezo cha mtima sichinaoneke, m'malo mwake sitiroko ndi khansa ya m'mawere zinachuluka mwa omwa mankhwala enieniwo. Kodi poyamba paja chinanamiza anthu n'chiyani? Mwa zina, amayi amene ankasankha okha kumwa mankhwalawo anali opezako bwino komanso osamala thanzi lawo kale.

Komabe sindigwirizana ndi anthu amene akangomva mawu oti correlation amataya zonse. Akatswiri a kafukufuku a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, atasonyeza mu 1950 kuti fodya amayendera limodzi ndi khansa ya m'mapapo, katswiri wamkulu wa masamu a kafukufuku Ronald Fisher anatsutsa, amvekere mwina ndi chibadwa chimene chimachititsa munthu kukonda fodya komanso kudwala. Palibe akanachita maere n'kuuza anthu ena kuti azisuta. Choncho kuyambira mu 1951 Doll ndi Hill anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka zambiri. Kusuta kunkayamba, matenda n'kubwera pambuyo. Wosuta ndudu zambiri ankakhala pangozi yaikulu. Wosiya, ngozi inkachepa. Umboni unaunjikana kuchokera mbali zosiyanasiyana mpaka kukana kunavuta.

Inunso chitani zofanana ndi zimenezo, pamlingo wanu. Pezani malikisi a anawo asanayambe maphunziro owonjezera, muone ngati anakwera pambuyo pake. Yerekezani ana a m'mabanja opeza mofanana okhaokha. Jambulaninso scatter plot, chithunzi cha timadontho chosonyeza maola ndi malikisi a mwana aliyense, chifukwa ngati ana anu ndi ochepa, awiri kapena atatu okhoza mopambanitsa angathe kukweza nambala yonseyo. Zikapanda kutheka, lembani kuti pali mgwirizano wamphamvu pakati pa maola ndi malikisi, mutchule ndalama za makolo ngati chinthu chimene simunachiyeze.