Ngati pulayimale ndi yaulere, atsikana akusiyiranji sukulu?

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa chifukwa chimene atsikana ambiri a m'mudzi mwawo safikira Sitandade 8, chikhalirecho boma linachotsa fizi kalekale. Akufunanso kudziwa ngati olakwa ndi makolo.

Mayi, tisafulumire kuloza chala makolo. Boma la a Bakili Muluzi litathetsa fizi mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, zomwe zikusonyeza kuti mabanja osauka sukulu ankaifuna, koma ndalama ndiyo inkawatsekereza. Ku Uganda mu 1997 ndi ku Kenya mu 2003 zinachitikanso chimodzimodzi. Kuno kwathu anawo anafika zipinda zophunziriramo zisanamangidwe, moti boma linalemba mwachangu aphunzitsi masauzande ambiri osaphunzira ntchitoyo, ndipo makalasi ena ankakumana pansi pa mtengo.

Taganizirani mtsikana wa zaka 13 amene akadali Sitandade 5 chifukwa anayamba mochedwa n'kubwerezanso kalasi. Amalawirira kumjigo ndi kutsuka mbale mlongo wake akadali mtulo, ndipo akafika kusukulu amakhala pansi m'kalasi la ana oposa 100, kumene mphunzitsi sangathe kuona kope la aliyense. Akatha msinkhu amapeza chimbudzi chilibe chitseko kapena madzi, choncho mwezi uliwonse amajomba masiku angapo. Yunifolomu, makope ndi sopo zimafunabe ndalama. Makolo akaona kuti mwanayo akuvutikabe kuwerenga patapita zaka zonsezi, ndiye kukabwera mwamuna wofunsira banja, sukulu imasowa woilankhulira.

Malamulo alipo, ndipo si oipa. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Koma lamulo limagwira ntchito pamene pali wina wolilondoloza, monga anachitira Inkosi Theresa Kachindamoto ku Dedza pothetsa maukwati a ana ndi kuimitsa mafumu amene ankawavomereza.

Zimene zaonetsa zipatso ndi zimene zimapeputsa umphawi wa pakhomo. Kafukufuku wa ku Zomba wa mu 2008 ndi 2009 anapeza kuti kandalama ka mwezi ndi mwezi, koperekedwa mtsikana akamapita kusukulu, kanachepetsa kusiya sukulu. Phala la Mary's Meals, lomwe linayamba kuno mu 2002, nalonso limakoka ana amene akanagonja ndi njala.

Poti inu mulibe thumba la bungwe, ndikanakulangizani kuti mulowe gulu la amayi la pasukulu yanu, muziona kaundula pamodzi ndi mphunzitsi wamkulu, n'kumayendera mtsikana aliyense amene wajomba sabata yathunthu nkhani isanafike kwa ankhoswe. Limbikitsaninso makolo kulembetsa ana ali ndi zaka 6, pakuti woyamba msanga amafika makalasi apamwamba asanathe msinkhu.