Kodi kutchulidwa kwambiri kwa kafukufuku wa Edward Witten kumatanthauzanji?

Mmodzi mwa awerengi, amene amaphunzitsa fizikisi kusekondale, wandilembera imelo yokhala ndi mafunso awiri. Anamva kuti Edward Witten ndi mmodzi mwa akatswiri amene kafukufuku wawo amatchulidwa kwambiri ndi anzawo, choncho akufuna kudziwa m'mene zimenezi amaziwerengera, komanso chifukwa chimene munthu wotere sanalandirire mphoto ya Nobel. Zikomo aphunzitsi, ndiyankhe mwatsatanetsatane.

Witten anabadwa mu 1951 ku Baltimore m'dziko la America, ndipo digiri yake yoyamba, ya ku Brandeis University, inali ya mbiri yakale, osati ya sayansi. Anatenga PhD ya fizikisi ku Princeton mu 1976 pansi pa David Gross, ndipo mu 1987 anayamba ntchito ku Institute for Advanced Study, malo a kafukufuku a mumzinda wa Princeton.

Katswiri akalemba pepala la kafukufuku, amatchula mapepala a anzake amene wagwiritsa ntchito. Pa fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono tomwe timapanga zinthu zonse, nkhokwe ya pa intaneti ya INSPIRE-HEP imawerenga kuti pepala lililonse latchulidwa kangati. Mu 2005, Jorge Hirsch wa ku University of California, San Diego anayambitsa muyeso wa h-index: munthu akakhala ndi h ya 50, ndiye kuti ali ndi mapepala 50 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 50. Pepala limodzi lotchuka silingakweze muyesowu, ndiponso mulu wa mapepala amene palibe akuwawerenga sungaukweze. Hirsch yemweyo analemba kuti pa nthawiyo Witten ndiye ankaoneka kuti ali pamwamba pa akatswiri a fizikisi, ndi h ya 110.

Chimene chimachititsa chidwi kwambiri n'chakuti ntchito yake imatchulidwa ndi magulu awiri a akatswiri. Mu 1989 anasonyeza kuti njira ya masamu yosiyanitsira mfundo zomangidwa pa chingwe, imene Vaughan Jones anatulukira, ingafotokozedwe ndi malamulo a fizikisi, ndipo mu 1990 ku Kyoto analandira mendulo ya Fields, woyamba mwa akatswiri a fizikisi kupatsidwa ulemu wa akatswiri a masamuwu. Mu 1994, ntchito yake ndi Nathan Seiberg inapatsa a masamu njira yachidule yotsimikizira zimene kale zinkafuna masamba ambirimbiri. Mu 1995 anafotokoza kuti mitundu isanu ya string theory (lingaliro lakuti zinthu zonse zimapangidwa ndi tizingwe ting'onoting'ono kwambiri) ingakhale mbali za chinthu chimodzi, chimene anachitcha M-theory.

Koma pepala lake la 1998 ndi limene limasonyeza bwino m'mene chiwerengerochi chimakwerera. Mu 1997 Juan Maldacena anapereka lingaliro lakuti malamulo ena a mphamvu yokokera zinthu pansi ndi ofanana ndi malamulo ena a tinthu ting'onoting'ono. Witten, komanso Gubser, Klebanov ndi Polyakov m'pepala lawo, anasonyeza m'mene munthu angawerengetsere masamu pogwiritsa ntchito lingalirolo. Kuyambira pamenepo, pafupifupi aliyense wolemba pa nkhaniyi amatchula mapepala atatuwa pamodzi, ndipo la Witten latchulidwa koposa ka 10,000. Pepala lotere lili ngati khasu limene mudzi wonse umabwereka, ndipo kubwerekedwa kwake sikutiuza ngati munda uliwonse unabereka.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu lachiwiri. Chiwerengerochi chimayeza kuti ntchito ya munthu yathandiza anzake ochuluka bwanji, koma sichitsimikiza kuti chilengedwe chimayendadi motero. Mphoto ya Nobel pa fizikisi kawirikawiri imaperekedwa pamene lingaliro latsimikizidwa ndi zoyesa kapena zooneka, ndipo mpaka pano palibe kuyesa kumene kwatsimikiza string theory. Kwa ine, izi sizichotsa kanthu pa zimene Witten anachita m'masamu, popeza umboni wa masamu sudikira makina, koma ndikuona kuti amene amamutcha katswiri woposa onse pongoyang'ana h-index amapyola muyeso. Ndionjezere kuti muyesowu umakondera amene akhalitsa pa ntchito komanso nthambi zokhala ndi olemba ambiri, ndipo umasokonekera pa mapepala a magulu aakulu, monga la 2015 la ATLAS ndi CMS (magulu awiri a akatswiri ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa fizikisi ku Ulaya) limene linali ndi olemba oposa 5,000.

Chitsanzo chabwino ndi Peter Higgs, katswiri wa fizikisi wa ku Britain, amene analemba mapepala ochepa kwambiri pomuyerekeza ndi Witten. Lingaliro limene Higgs anafalitsa mu 1964 linatsimikizidwa ku CERN mu 2012, ndipo mu 2013 analandira Nobel pamodzi ndi François Englert.