Funsani Akatswiri: Kamera Isankhe Yokha Kuwala, Kapena Ndisankhe Ndine?

FUNSO: Ndimajambula maukwati kuno ku Mzuzu ndi kamera ya Canon, pa Auto. M'tchalitchi, diresi la mkwatibwi limatuluka lotuwa ngati phulusa, koma ndikaloza azibambo a masuti akuda, nkhope zawo zimayera mbee. Kodi kamera yawonongeka? Wojambula wa ku Chibavi

YANKHO: Kamera yanu ilibe vuto, achimwene. Kachipangizo koyeza kuwala m'kati mwakemo sikadziwa diresi, sikadziwa suti. Kamangoyesetsa kuti chilichonse chituluke chotuwa pakatikati, mtundu wobweza kuwala pafupifupi 18 pa 100. Kakaona zoyera zambiri kamachepetsa kuwala, diresi n'kutuwa. Kakaona zakuda kamawonjezera, nkhope n'kupserera.

M'tchalitchi kuwala sikusinthasintha, ndiye apa mpamene M (Manual, pomwe mumasankha zonse nokha) imagwira ntchito. Yambani ndi aperture, kukula kwa kabowo ka lenzi: f/4 ya anthu awiri, f/5.6 kapena f/8 ya gulu loima m'mizere. Nambala ikachepa, bowo limakula. Dziwaninso kuti lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera imatseguka f/3.5 pa 18mm koma f/5.6 yokha pa 55mm, choncho mukakokera chithunzi pafupi, mdima umalowa. Kuti kuwala kusasinthe, siyani pa f/5.6.

Shutter, yomwe ndi nthawi imene kamera imakhala yotseguka kuti kuwala kulowe, ikani pa 1/100 ya sekondi. Chifukwa chake chilipo: magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ambiri a chubu ndi a LED amaphethira ka 100 pa sekondi. Maso saona, koma kamera ikakhala pa 1/250 zithunzi zina zimatuluka zakuda, zina zobiriwira, zina za mizeremizere. ISO, nambala yomwe ikakwera chithunzi chimawala koma chimakhala ndi timadontho, ndiye yomaliza: yambani ndi 1600, ngati kukadali mdima pitani 3200. Chithunzi cha timadontho chimagulika, koma cha chimbuuzi mwini ukwati salandira.

Jambulani diresi kamodzi mwambo usanayambe, muyang'ane histogram (kachithunzi kooneka ngati phiri kosonyeza kuchuluka kwa kuwala, mdima kumanzere, kuyera kumanja), osati kuwala kwa sikirini. Phiri likaunjikana kukhoma la kumanja, zingwe ndi maluwa a pa velo zatayika, tsitsani ISO.

Pamene ambiri amagwa ndi pakhomo. Akwati akutuluka, amayi akululutira, inu mwaiwala kuti mukadali pa ISO 3200, zithunzi zonse pepala loyera. Musanatuluke, sinthani. Padzuwa la masana gwiritsani lamulo lakale: f/16, 1/100, ISO 100. Kuwala komweko mumakupezanso pa f/8 ndi 1/400, kapena f/4 ndi 1/1600.

FUNSO: Anzanga amati wojambula weniweni sachoka pa M. Ndi zoona? Mtsikana wophunzira kujambula, Luwinga

YANKHO: Si zoona, achemwali, ndipo mawu amenewa ataitsa zithunzi zambiri. Nyengo ya kuno mukuidziwa: mtambo waphimba, pasanathe mphindi dzuwa lang'anima. Panja potere ikani pa Av (pa Nikon ndi A), musankhe aperture, kamera isankhe shutter. Mpira wa pa Mzuzu Stadium umafuna Tv (pa Nikon ndi S), pomwe mumasankha shutter kamera n'kusankha aperture, pa 1/1000 ndi Auto ISO, kuti wosewera aime nji m'malere.

Chofunika n'kudziwa kukonza kamera ikalakwitsa, ndipo batani lake ndi lija lolembedwa +/-. Chifunga cha m'mawa mu June ndi July, kaya m'tauni kaya pa msewu wa ku Chikangawa, chimanamiza kamera monga diresi lija: ikani +1 kuti chiyere. Munthu akaima nyanja ili kumbuyo kwake ku Nkhata Bay, nkhope imada bii chifukwa madzi akunyezimira. Ikani +1 mpaka +2, kapena yatsani flash, koma shutter isapitirire 1/200, chifukwa makamera ambiri akadutsa pamenepo mbali ina ya chithunzi imatuluka yakuda. Mukamaliza bwezerani batani lija pa 0, popeza makamera ambiri salibweza okha ngakhale muwazimitse.

Pa foni nzeru ndi yomweyi. Gwirani nkhope pa sikirini, kadzuwa kakaoneka, kakwezeni kapena kukatsitsa ndi chala mpaka khungu lioneke mtundu wake weniweni.