Bug yanga aitseka koma kompyuta ikuvutabe: yankho kwa mnzathu wa Debian

Wowerenga wina watitumizira imelo yodandaula. Amagwiritsa ntchito Debian 13 (mtundu wa Linux woyendetsa kompyuta), ija amaitcha trixie, ndipo pulogalamu yake yowerengera mafayilo a PDF imangodzitseka yokha akatsegula fayilo yaikulu. Anapereka lipoti la vutoli (bug) kwa a Debian, patapita milungu iwiri lipotilo linatsekedwa ati vuto lakonzedwa, koma pa kompyuta yake palibe chasintha. Lipoti lake lachiwiri, la package ina (pulogalamu yopakidwa kuti iikidwe pa Debian), anaikamo ndi patch yomwe, kachigamba ka code kokonza vutolo, koma miyezi inayi yatha popanda woyankha. Akufunsa kuti: “Kodi anthuwa akundinamiza kapena alibe nazo ntchito? Nditani?”

Mnzathu, palibe wakunamizani. Chakusokonezani ndi tanthauzo la kutseka lipoti ku Debian.

Debian imayenda ndi nthambi zingapo nthawi imodzi. Pali unstable, komwe zatsopano zimayambira, yomwe dzina lake ndi sid ndipo silisintha. Pali testing, komwe amakonzera Debian yotsatira, yomwe pano ndi forky. Ndiye pali stable, trixie yanuyo, yomwe inatuluka pa 9 Ogasiti 2025. Wosamalira package akakonza vuto, ntchito yake amaitumiza ku unstable. Mu fayilo ya debian/changelog amalembamo mawu oti Closes: ndi nambala ya lipoti lanu, ndipo package ikangolandiridwa, debbugs, makina osunga malipoti omwe Ian Jackson anayambitsa mu 1994, amatseka lipotilo okha. Kutsekako kukungonena kuti vutolo mulibe mu version yakutiyakuti. Sikukukhudza zomwe zili pa kompyuta yanu.

Tsegulani tsamba la lipoti lanu pa bugs.debian.org. Pamwamba muona mizere iwiri, Found in version ndi Fixed in version. Kenako lembani apt policy ndi dzina la package pa terminal, mufananize manambala. Tiyerekeze kuti inu muli ndi 2.3-1 pomwe vuto lakonzedwa mu 2.4-2. Ngati zili choncho, lipoti likunena zoona ndipo kompyuta yanunso ikunena zoona.

Apa ambiri amathamangira lamulo la reopen, ndipo tikukupemphani musatero. Lamulo limeneli limafufuta mbiri yonse ya ma version okonzedwa, ndiye package yabwinobwino ya ku unstable imaonekanso ngati yodwala, ndipo wosamalirayo ayenera kutaya nthawi kubwezeretsa zomwe mwafufuta. Ngati mwayesa version yokonzedwayo ndipo vuto lilipobe, lamulo loyenera kutumiza ku control@bugs.debian.org ndi found, limodzi ndi nambala ya lipoti ndi version mwayesayo.

Nanga chokonzacho chikufikani bwanji? Kuchoka ku unstable, package imalowa mu testing ikadikira masiku 5 ngati urgency yake (mulingo wa changu chake) ndi medium, kapena masiku 2 ngati mayeso ake odzichitikira okha a autopkgtest ayenda bwino, bola imangike pa mitundu yonse ya makompyuta yomwe inkamangikapo kale ndipo isabweretse vuto latsopano lalikulu. Koma njirayi imathera pomwepo. Zamu testing sizitsikira mu stable yotuluka kale, zimadikira Debian yotsatira.

Makomo olowera mu stable ndi opapatiza mwadala. Khomo limodzi ndi la gulu la chitetezo, lomwe silikukhudza vuto lanuli pokhapokha fayilo yoipa itapereka mpata kwa akuba. Lina ndi point release (mtolo wa zokonza za stable), yomwe imatuluka pafupifupi miyezi iwiri iliyonse. Wosamalira amatenga kachigamba kokhako kokonza vutolo, osati version yonse yatsopano, amakaika pa 2.3-1, package nkukhala 2.3-1+deb13u1, kenako amapempha chilolezo potsegula lipoti pa release.debian.org. Oyang'anira stable amafuna kuti vuto likhale la mulingo wa important kapena kuposa apo, likhale lakonzedwa kale ku unstable, ndipo kusinthako kukhale kochepa kwambiri. Ena amaona ngati ndi kuuma mtima, koma ife timagwirizana nazo, chifukwa munthu amene anaika stable pa seva yake anaisankha kuti zinthu zisamusinthire usiku ali mtulo.

Ntchito yanu ndiye iyi. Pezani commit yeniyeni (kusintha kumodzi kwa mu code) yomwe eni pulogalamu anakonzera vutolo. Tengani code ya mu trixie ndi apt source, ikani zofunika pomanga ndi apt build-dep, phatikizani commit ija, mangani, muyese ndi fayilo yomwe ija inkagwetsa pulogalamu. Zikayenda, lembani pa lipotilo kuti mwayesa pa 2.3-1, vuto latha, ndipo mukupempha stable update. Wosamalira akalandira uthenga wotere amakhala kuti theka la ntchito mwamugwirira kale. Musachedwe nazo, chifukwa lipoti lotsekedwa likhoza kuikidwa mu nkhokwe ya malipoti akale (archive) pakatha masiku 28, ndipo likatero sililandira imelo mpaka mutatumiza unarchive. Podikira, onani ngati version yatsopano ilimo mu trixie-backports, nkhokwe ya ma version atsopano omangidwira trixie. Chokhacho musachite ndi kuwonjezera sid pa sources za stable (mndandanda wa komwe apt imatenga ma package) kuti mupeze package imodzi. Idzakoka ma library atsopano, mwina mpaka libc6, yomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse imadalira, ndipo apt sathandiza bwino kubwerera m'mbuyo.

Tibwere ku lipoti lokhala chete lija.

Musanaweruze munthu, werengani tsamba la lipotilo mpaka pansi. Debbugs ili ndi khalidwe lomwe lapusitsa anthu ambiri: imelo yotumizidwa ku nambala ya lipoti imapita kwa wosamalira package ndi kwa olembetsa, koma osati kwa amene anapereka lipotilo. Nkutheka kuti wina anakufunsani funso miyezi itatu yapitayo, naika tag ya moreinfo (chizindikiro choti akufuna zambiri kwa inu), ndipo iyeyo ndi amene akudabwa kuti mwakhaliranji chete. Lembetsani potumiza imelo ku nambala ya lipoti yotsatana ndi -subscribe@bugs.debian.org. Onaninso ngati tag ya patch ilipo, chifukwa anthu ambiri osakasaka malipoti oti awamalize amasefa ndi tag imeneyi.

Kenako yang'anani patch yanu ndi maso a munthu wotopa amene ali ndi ola limodzi lokha madzulo, poti osamalira ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka. Patch yomatidwa m'kati mwa imelo ya HTML imafika mipata ndi mizere zitasokonekera, ndipo imakana kulowa. Yolembedwa pa version ya mu stable nayo imakana pa code ya ku unstable, komwe kukonza kumayambira. Ina imamangika bwino kwanu chifukwa kompyuta yanu ili kale ndi library yomwe simunailembe mu Build-Depends (mndandanda wa zofunika pomanga), nkukagwa pa makina omangira a Debian omwe amayamba opanda kanthu. Mankhwala ake ndi kumanga ndi sbuild kapena pbuilder, zida zomangira pamalo opanda kanthu ngati amenewo. Patch ikhale fayilo yakeyake mu debian/patches, yoikidwa ndi quilt, yokhala ndi mutu wa DEP-3 wonena chomwe ikukonza, komwe yachokera, ndi ngati eni pulogalamu aiona. Dutsitsani lintian, chida chofufuza zolakwika mu package, kenako tumizani zotuluka mu debdiff (chida choonetsa zomwe mwasintha) ngati fayilo yomata pa imelo. Ngati munatsegula merge request (pempho loti kusintha kwanu kuphatikizidwe) pa Salsa, malo a Debian osungira code, itchuleni pa lipoti, chifukwa si onse amalandira uthenga wa kumeneko. Ndipo ngati vuto lili mu pulogalamu yeniyeniyo osati mu kapakidwe ka Debian, litengereni kwa eni ake, mulumikize malipoti awiriwo ndi lamulo la forwarded.

Musakweze severity, mulingo wa kukula kwa vuto, pofuna kuti anthu akumveni. Milingo ilipo 7, kuyambira wishlist mpaka critical, ndipo itatu yapamwamba, serious, grave ndi critical, ikhoza kuchotsetsa package mu testing pamodzi ndi zina zodalira iyo. Mukaika serious pa vuto la normal, wina adzaitsitsa, ndipo mawu anu adzapepuka pa lipoti lotsatira.

Zonsezi zikakhala m'malo koma kuli zii, tsegulani tracker.debian.org muone kuti wosamalirayo anatumiza liti package komaliza. Ngati akugwira ntchito pa zina, mukumbutseni mwaulemu pa lipoti lomwelo, mumupatse milungu iwiri. Zikakanika, Debian ili ndi njira yotchedwa NMU, yoti munthu wina atumize chokonza m'malo mwa mwini package. Version 1.2-3 imakhala 1.2-3.1, mumakonza vutolo lokha osakhudza kalembedwe ka mwini wake, ndipo nmudiff imatumiza zosinthazo pa lipoti. Package imayamba yadikira pa mzere wa DELAYED kuti mwiniyo akhale ndi mpata wokana. Masiku odikira amadalira kukula kwa vuto: lalikulu lomwe lakhala masiku 7 mwini osaonekera likhoza kulowa tsiku lomwelo, laling'ono limadikira masiku ochulukirapo. Popeza inu mulibe chilolezo chotumiza, ikani package pa mentors.debian.net, mutsegule lipoti la RFS pa sponsorship-requests kuti Debian Developer aiunike ndi kuitumiza.

Ngati munthuyo wasowa kwa nthawi yaitali pa ma package ake onse, dziwitsani gulu la MIA, lomwe limalondola osamalira osowa. Palinso salvaging, kutenga package yonyalanyazidwa kukhala yanu: mumatsegula lipoti la ITS lolengeza cholingachi pa package yomweyo, mumadikira masiku 21, ndipo ngati palibe wokana mumatumiza ku DELAYED kwa masiku ena 7 dzina lanu lili pa malo a wosamalira. Package yamasiye, yolembedwa O pa wnpp (mndandanda wa ma package ofuna osamalira), imakhala m'manja mwa Debian QA Group, ndipo aliyense akhoza kuikonza kudzera mu QA upload popanda kuitenga kukhala yake. Kwa inu amene mwangolemba patch yoyamba, tikulangiza NMU kapena QA upload, osati ITS. Mukalemba dzina lanu pa mzere wa Maintainer, malipoti onse akale a package imeneyo, ma version atsopano a eni pulogalamu, ndi kugwa kulikonse komwe compiler yatsopano idzabweretse zidzayamba kubwera ku imelo yanu, ndipo muyenera kudziwa kaye ngati muli nayo nthawi yoziyankha.